Chingwe, Wi-Fi ndi foni zonse zalumikizidwa: kodi kompyuta imasankha bwanji kodutsira?

Laputopu ili patebulo. Kumbali kwake kwalowa chingwe cha netiweki, kachizindikiro ka Wi-Fi kakusonyeza kuti nayonso yalumikizidwa, ndipo foni ili pa USB ikuchajidwa, mwiniwake ataiwala kuti dzulo anaitsegula kuti izigawira kompyuta intaneti. Njira zitatu zotulukira kunja, zonse zamoyo. Koma msonkhano wapavidiyo ukungodukaduka, ndipo pofika madzulo bandulo ya mufoni yatheratu, mwiniwake osadziwa kuti yapita kuti.

Zikatere funso limakhala lomwelomwelo: pa zitatuzi, kompyuta ikugwiritsa ntchito iti? Ena amaganiza kuti imaziphatikiza zonse, liwiro n'kuchuluka. Ena amati imaziyesa kaye n'kutenga yothamanga kwambiri. Maganizo onsewa ndi omveka, koma si mmene zimakhalira. Nthawi zambiri kompyuta imatenga njira imodzi yokha, ndipo imaitenga poyang'ana kanambala kamene kalembedwa pambali pa njirayo. Makina ena amapeza kanambalako kuchokera ku liwiro la chilumikizo, ena kuchokera ku mtundu wa chilumikizo, ena amadikira kuti munthu akaike yekha. Ndipo ngakhale pamene kachokera ku liwiro, si liwiro limene ambirife timaliganizira.

Makomo ndi ndandanda wa njira

Malo aliwonse amene data imalowera ndi kutulukira mukompyuta akatswiri amawatcha interface. Ife tiziti khomo. Chibowo cholowetsapo chingwe cha Ethernet ndi khomo, kakhadi ka Wi-Fi ndi khomo, modemu ya 4G ndi khomo, foni yogawa intaneti pa USB imaonekanso ngati khomo. Ngakhale VPN, pulogalamu yodutsitsa data yanu m'kanjira kobisika kupita ku netiweki ina, yomwe simungaigwire ndi dzanja, imadzitsegulira khomo lakelake. Khomo lililonse limalandira adiresi yake ya IP, ndipo kawirikawiri limauzidwanso za gateway, chomwe ndi chipata chotulukira ku intaneti. M'nyumba ndi m'maofesi ambiri chipatacho chimakhala rauta, kabokosi kogawira intaneti.

Data siyenda yonse nthawi imodzi. Imaduladulidwa m'tizidutswa totchedwa mapaketi, ndipo paketi iliyonse imanyamula adiresi ya kumene ikupita. Isanatuluke, kompyuta imayang'ana mu routing table, ndandanda wa njira zonse zimene ikuzidziwa. Pa Linux mukalemba ip route pa makina okhala ndi chingwe ndi Wi-Fi, mumaona mizere yofanana ndi iyi:

default via 192.168.1.1 dev eth0 metric 100
default via 192.168.8.1 dev wlan0 metric 600
192.168.1.0/24 dev eth0 metric 100
192.168.8.0/24 dev wlan0 metric 600

Mizere iwiri yapansiyo ikunena za anansi, makina amene ali pa netiweki imodzi ndi inu: a mbali ya chingwe afikireni kudzera pa eth0, a mbali ya Wi-Fi kudzera pa wlan0. Apo palibe mkangano. Mkangano uli pa mizere iwiri yapamwamba, yoyamba ndi mawu akuti default. Imeneyo ndi njira ya zotsala zonse, kumene paketi imaponyedwa ngati adiresi yake sinatchulidwe pena paliponse m'ndandandamo. Pafupifupi intaneti yonse imagwera m'gulu limeneli. Ndiye makomo awiri akabwera, lililonse likuti "zotsala zonse zidzere kwa ine," pamafunika woweruza.

Liwiro si lamulo loyamba

Tisanafike kwa woweruzayo, pali lamulo lina limene limayamba kugwira ntchito, ndipo ambiri amene amavutika ndi nkhaniyi amakhala kuti alilumpha. Njira imene yatchula malo mwachindunji imapambana njira yongotchula mwachisawawa, posayang'ana liwiro kapena nambala ina iliyonse. Akatswiri amati longest prefix match.

Taganizirani mphambano yokhala ndi zikwangwani ziwiri. China chalembedwa kuti "malo ena onse, kumanja," china chatchula dzina la msewu weniweni umene mukufuna n'kuloza kumanzere. Palibe amene angapite kumanja chifukwa choti msewu wakumanjawo ndi wotakata. Pa ma adiresi a IPv4, mtundu wa ma adiresi amene taona pamwambapa, kanambala kapambuyo pa kamzere kopendekera kamasonyeza kuti njirayo yatchula malo mwachindunji bwanji. /24 ikutanthauza kagulu ka ma adiresi 256 okha, /32 ndi adiresi imodzi yeniyeni, pamene default ndi 0.0.0.0/0, yosatchula kalikonse. Choncho ngati makina osindikizira ali pa 192.168.8.20, mapaketi opita kumeneko adzera pa Wi-Fi ngakhale Wi-Fi ili ndi 600 ndipo chingwe chili ndi 100.

Mapulogalamu ena a VPN amaligwiritsa ntchito lamuloli mochenjera. M'malo molimbana ndi default, amagawa intaneti yonse pakati n'kulemba njira ziwiri, 0.0.0.0/1 ndi 128.0.0.0/1. Iliyonse yatchula malo mwachindunji pang'ono chabe kuposa /0, koma pang'onopo mpokwanira. N'chifukwa chake munthu amatha kusinthasintha manambala tsiku lonse, mapaketi n'kumapitabe mu VPN.

Metric: yochepa ndiyo imapambana

Njira ziwiri zikafanana pa kutchula malo, apo ndiye woweruza amalowapo. Dzina lake ndi metric, nambala ija ili kumapeto kwa mzere uliwonse. Muione ngati mtengo wodutsira njirayo, kapena ngati malo amene munthu wathera pa mpikisano wothamanga: wa nambala 1 ndiye wapambana, osati wa nambala 20. Mu chitsanzo chija 100 ikuposa 600, choncho intaneti yonse idzera pa chingwe, Wi-Fi n'kungokhala chire kudikira. Mukazula chingwe, mzere wake umafufutika ndipo wa 600 umatsala wokha.

Nambalayi ilibe muyeso. Si masekondi, si mamegabiti. 600 sikutanthauza kuti Wi-Fi ndi yochedwa kasanu ndi kamodzi, ndipo kusiyana kwa 1 kuli ndi mphamvu yofanana ndi kusiyana kwa 500: wopambana amatenga zonse. Funso lenileni ndi lakuti, ndani amaiika nambalayo, ndipo amayang'ana chiyani?

Mmene Windows imasandutsira liwiro kukhala nambala

Mwa makina amene anthu amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, Windows ndi imene imadalira liwiro kwambiri. Kuyambira pa Windows XP, khomo lililonse limakhala ndi kabokosi kolembedwa kuti Automatic metric, kochongedwa kale. Kabokosiko kakakhala kochonga, Windows imafunsa khomo kuti lalumikizana pa liwiro lanji, n'kuliika m'gulu. Liwiro limayezedwa mu Mbps, mamegabiti pa sekondi, ndipo 1 Gbps ndi 1000 Mbps.

Pa Windows zakale, monga Windows 7, magulu anali ochepa ndipo sankasiyanitsa chingwe ndi Wi-Fi. Chilichonse choposa 200 Mbps koma chosafika 2 Gbps chinkapatsidwa 10, chingwe cha 100 Mbps chinkapatsidwa 20, Wi-Fi ya 54 Mbps inkapatsidwa 25. Zinkayenda bwino mpaka pamene Wi-Fi inayamba kunena kuti ili pa 300 Mbps. Inalowa m'gulu la 10 n'kuyamba kuposa chingwe cha 100 Mbps, anthu n'kumadabwa kuti alowetsa chingwe koma palibe chasintha.

Windows 10 inabwera ndi mindandanda iwiri, wina wa mawaya, wina wa Wi-Fi. Kumbali ya mawaya, 10 Gbps imapatsidwa 15, 2.5 Gbps imapatsidwa 20, chilichonse kuyambira 200 Mbps kufika pansi pa 2 Gbps chimapatsidwa 25, ndipo 100 Mbps imapatsidwa 35. Kumbali ya Wi-Fi manambala anakwezedwako dala: kuyambira 500 Mbps kufika pansi pa 2 Gbps ndi 30, pakati pa 200 ndi 500 Mbps ndi 35, ndipo liwiro likamatsika nambala imakwera mpaka 50 ndi kupitirira. Mwa njira imeneyi chingwe cha 1 Gbps chimaposa Wi-Fi ya 1200 Mbps, ngakhale papepala Wi-Fi ikuoneka yothamanga.

Onaninso kukula kwa magulu. Khomo la 250 Mbps ndi khomo la 1 Gbps, onse amawaya, amatuluka ndi 25 yomweyo. Kwa Windows ndi ofanana.

Mukalemba route print muona manambala ena odabwitsa, monga 281 kapena 291. Si vuto. Windows imaphatikiza manambala awiri, ya khomo ndi ya njira. Njira zopita kwa anansi zimayambira pa 256, ndiye 256 kuphatikiza 25 ndi 281. Njira ya default imene yabwera yokha kuchokera ku rauta kawirikawiri imayambira pa 0, motero pamzere wake mumaona nambala ya khomo yokha.

Liwiro limene khomo limanena

Apa ndiye pagona nkhani. Liwiro limene Windows imafunsa ndi link speed, liwiro limene khomo lanu lagwirizana ndi chipangizo choyamba chimene lalumikizana nacho. Ndi la kamtunda koyamba kokha, kuchoka pa laputopu kufika pa rauta. Zimene zili kuseri kwa rautayo khomo silizidziwa. Chingwe chikhoza kunena 1 Gbps moona mtima, pamene waya wochoka pa rauta kupita kwa kampani ya intaneti umanyamula 10 Mbps zokha. Zili ngati msewu wotakata wa mizere inayi umene ukukathera pa kamlatho kodutsa galimoto imodzi. Amene wangoona poyambira anena kuti njirayi ndi yabwino kwambiri.

Ndipo makomo atatu aja, lililonse lili ndi kanenedwe kake ka liwiro.

Chingwe ndi chimene chimanena zoona kwambiri. Mkati mwake muli tiwaya 8 topotedwa tiwiritiwiri. Kuti chifike 1 Gbps pamafunika tonse 8, pamene 100 Mbps imangofuna 4. Mukachilowetsa, mbali ziwirizo zimakambirana n'kugwirizana liwiro lalikulu limene zonse zingakwanitse. Kawaya kamodzi mwa tiwaya 4 tosafunika pa 100 Mbps kakaduka mkati, kapena kamano kake ka pamutu pa chingwe kakapindika, zipangizo zambiri sizidandaula. Zimangotsikira ku 100 Mbps mwakachetechete, nyali n'kumayakabe ngati zonse zili bwino. Pa Windows 10 metric imachoka pa 25 kufika pa 35, ndipo Wi-Fi imene ili pa 30 imalanda mpando. Kunena zoona, apa kudalira liwiro kukhoza kukhala kuti kwathandiza, chifukwa makina aona vuto limene mwiniwake sanalione.

Wi-Fi ndi ina. Nambala imene imanena, monga 866.7 Mbps ya 802.11ac kapena 1201 Mbps ya Wi-Fi 6, ndi liwiro la mafunde pa nthawi imene chipangizo chikulankhula. Koma pa tchanelo chimodzi zipangizo zimalankhula mosinthana, kutumiza ndi kulandira nakonso n'kosinthana, ndipo nthawi ina imathera kudikira ndi kubwereza mapaketi otayika. Zimene zimafika kwa inu zimakhala zochepa ndithu kuposa nambalayo, ndipo zimachepanso anthu akachuluka. Kuwonjezera apo nambalayo siikhazikika. Mukasuntha kupita kuseri kwa khoma imatsika, mukabwerera imakwera. Chingwe cha 1 Gbps chimatumiza ndi kulandira nthawi imodzi, ndipo sichigawana ndi wina aliyense.

Foni ya pa USB ndiye yonamiza kwambiri. Imadzionetsa kwa kompyuta ngati khadi la Ethernet, ndipo liwiro limene imanena ndi la chingwe cha USB, osati la netiweki ya foni. USB 2.0 imafika 480 Mbps, ndipo mafoni ambiri a Android akamagawa intaneti amanena kuti ali pafupifupi pa 426 Mbps, kaya foniyo ili pa 5G yamphamvu kaya ili pa kamzere kamodzi ka 3G. Windows imaiika m'gulu la mawaya n'kuipatsa 25.

Tibwerere patebulo paja. Ngati chingwe chinali chitatsikira ku 100 Mbps, chinali ndi 35. Wi-Fi inali ndi 30 kapena 35. Foni inali ndi 25. Msonkhano wonse, pamodzi ndi zonse zimene kompyuta imadzikokera yokha kuseri, zinadzera mufoni. Kompyuta sinalakwitse masamu. Inangokhulupirira zimene inauzidwa.

Palinso zinthu zimene liwiro silinena n'komwe. Chimodzi ndi latency, nthawi imene paketi imatenga kupita ndi kubwerera. Ma setilaiti amene amaoneka ngati aima malo amodzi ali pamtunda wa makilomita 35,786 kuchokera padziko, ndipo ulendo wokwera ndi kutsika kawiri umadya pafupifupi theka la sekondi, mamegabiti achuluke bwanji. Kukopera fayilo yaikulu kumatheka bwinobwino, koma kulankhulana kumakhala kodulana mawu. Chinanso ndi ndalama, poti njira ina imawerengedwa pa megabaiti iliyonse pamene ina ilibe malire. Ndiye pali kudalirika. Zonsezi sizioneka mu link speed.

Linux, macOS ndi mafoni: kuyang'ana mtundu m'malo mwa liwiro

Pa Linux, kernel, yomwe ndi mtima wa makinawo, siiwerengera metric kuchokera ku liwiro. Imangomvera nambala imene yapatsidwa, ndipo wopereka ndi pulogalamu yoyang'anira netiweki. NetworkManager, imene ili pa makina ambiri a Linux a patebulo, imayang'ana mtundu wa khomo: VPN 50, Ethernet 100, Wi-Fi 600, modemu ya foni 700. Makomo awiri a mtundu umodzi akakumana, lachiwiri limakwezedwa ndi 1, ndiye mumaona 100 ndi 101. Chingwe cha 10 Mbps chimaposa Wi-Fi ya 1200 Mbps popanda kukambirana. Foni ya pa USB ija nakonso kuno imadutsa ngati Ethernet, n'kuposa Wi-Fi.

NetworkManager ili ndi kanzeru kena. Ngati kuyesa intaneti kwatsegulidwa, imatumiza kafunso kudzera pa khomo lililonse, ndipo khomo limene silinabweze yankho limawonjezeredwa 20000. Mukaona metric ya 20100, dziwani kuti chingwe chalumikizidwa koma kuseri kwake kulibe intaneti.

Mapulogalamu ena ali ndi manambala awo. systemd-networkd imapereka 1024 kwa njira iliyonse yobwera ndi DHCP, yomwe ndi njira imene rauta imagawira ma adiresi yokha, choncho makomo awiri amafanana mpaka mutawasiyanitsa nokha. Amene anagwiritsapo kakompyuta ka Raspberry Pi kokhala ndi pulogalamu ya dhcpcd yakale amakumbukira 202 ya chingwe ndi 303 ya Wi-Fi.

Pali anthu amene amafuna kuti Linux izichita monga Windows, ndipo amalemba kapulogalamu kowerenga liwiro n'kusintha metric. Pa chingwe n'zosavuta, chifukwa ethtool imanena liwiro, ndipo lilinso mu fayilo ya /sys/class/net/eth0/speed. Pa Wi-Fi fayilo imeneyo siyankha, mumayenera kufunsa iw, ndipo yankho lake limasintha mphindi iliyonse. Kapulogalamu kongotsatira yankholo mwachimbulimbuli kamachititsa kuti njira izilumphalumpha pakati pa makomo awiri. Olemba mosamala amaika magulu akuluakulu monga inachitira Windows, komanso amadikira kuti kusinthako kukhalitse kaye asanasunthe kanthu.

macOS siionetsa manambala kwa munthu wamba. Ili ndi mndandanda wa makomo umene mumasanja nokha pa Set Service Order, ndipo lapamwamba limene lalumikizidwa ndilo limatenga default. Mafoni nawo amakonda Wi-Fi kuposa netiweki ya foni, koma amayamba aitsimikiza kuti ikufikadi pa intaneti. Apple inawonjezera Wi-Fi Assist mu iOS 9 m'chaka cha 2015, yomwe imasamukira ku data ya foni Wi-Fi ikafooka.

Njira ziwirizi iliyonse ili ndi polimba ndi pofooka pake. Yodalira liwiro imatsatira zimene zikusintha, koma imanamizika ndi khomo lodzitama, ndipo zotsatira zake zimatha kusiyana lero ndi mawa. Yodalira mtundu ndi yodziwikiratu, munthu amadziwa kuti ndikalowetsa chingwe chitenga malo, koma imakakamira chingwe ngakhale chitakhala chofooka.

Ma rauta akuluakulu anakumana nalo kale vutoli

M'ma netiweki a makampani, ma rauta amauzana okha za njira. Dongosolo lakale la RIP, lolembedwa m'chikalata cha malamulo a intaneti chotchedwa RFC 1058 m'chaka cha 1988, linkangowerenga ma rauta amene paketi idutse, osapitirira 15. Kanjira kochedwa kodutsa rauta imodzi kankaposa msewu wothamanga wodutsa ma rauta awiri. Dongosolo lina, la OSPF, linalola kuti chilumikizo chilichonse chikhale ndi mtengo wake, mitengo ya njira yonse n'kuphatikizidwa, ndipo pa ma rauta a Cisco mtengowo umapezeka pogawa 100 Mbps ndi liwiro la khomo. Khomo la 10 Mbps limatuluka ndi 10, la 100 Mbps limatuluka ndi 1. Pa nthawiyo 100 Mbps inkaoneka ngati denga. Koma mtengo sungatsike pansi pa 1, ndiye 1 Gbps imatulukanso ndi 1, 10 Gbps chimodzimodzi. Oyang'anira amayenera kukweza nambala yogawirayo ndi lamulo la auto-cost reference-bandwidth, ndipo ayikweze mofanana pa ma rauta onse. Sikelo iliyonse yomangidwa pa liwiro imakalamba liwiro likamakwera.

Kuona ndi kusintha ndi dzanja

Musanasinthe kanthu, funsani makinawo kuti paketi idzera pati. Pa Linux, ip route get 8.8.8.8 imayankha ndi khomo, chipata ndi adiresi imene igwiritsidwe ntchito. Pa macOS ndi route get. Pa Windows, Get-NetIPInterface mu PowerShell imaonetsa metric ya khomo lililonse, ndipo Find-NetRoute imanena njira imene yasankhidwa. Kachizindikiro ka pakona ya sikirini musakadalire kwambiri.

Kusintha n'kosavuta. Pa Windows mumachotsa chochonga pa Automatic metric n'kulemba nambala, kapena mumagwiritsa ntchito Set-NetIPInterface. Pa NetworkManager mumasintha ipv4.route-metric ndi nmcli. Ndi bwino kusintha makomo onse amene akupikisana, osati limodzi, chifukwa lotsala pa automatic likhoza kudzasuntha mawa. Siyaninso mpata pakati pa manambala, monga 10, 20, 30, kuti khomo latsopano lidzapeze polowa.

Chovuta ndi zimene zimatsatira. Kulumikizana kwa TCP, komwe kumanyamula zambiri za pa intaneti, kumadziwika ndi zinthu zinayi: adiresi yanu, adiresi ya seva, ndi manambala a port a mbali zonse, omwe amasonyeza pulogalamu imene ikulankhula. Khomo lililonse lili ndi adiresi yake, choncho kulumikizana koyambira pa chingwe sikungangosamukira pa Wi-Fi pakati paulendo. Chingwe chikazuka, fayilo imene inkakopedwa imaima, ndipo pulogalamu iyenera kuyambitsa kulumikizana kwina. Ichi ndi chifukwa chake njira yolumphalumpha imapweteka kuposa njira yochedwa koma yokhazikika.

DNS, imene imasandutsa mayina a mawebusayiti kukhala ma adiresi, ili ndi kasankhidwe kake. Pa Windows metric ya khomo imakhudzanso kuti seva ya DNS yoyamba kufunsidwa ndi iti, ndipo ndi apa pamene anthu a VPN ya kuntchito amapunthwa: VPN yalumikizidwa koma mayina a mkati mwa kampani sakupezeka. Pa NetworkManager DNS ili ndi nambala yakeyake, ipv4.dns-priority, yosiyana ndi ya njira.

IPv6, mtundu watsopano wa ma adiresi a IP, nayo ili ndi ndandanda wake wa njira ndi ma metric ake. Ngati chingwe chili ndi IPv4 yokha pamene Wi-Fi ili ndi zonse ziwiri, mawebusayiti okhala ndi IPv6 akhoza kumadzera pa Wi-Fi ngakhale mwaika chingwe patsogolo. Munthu amaona ngati makina akumuchitira mwano, pamene wangosintha theka la nkhani.

Pa seva yokhala ndi zipata ziwiri pamabuka lina. Funso limalowa pa khomo lachiwiri, koma yankho limatsata default n'kutulukira pa loyamba, ndipo firewall ya panjira, mlonda wosefa mapaketi, imalitaya poti silikudziwika kumene lachokera. Metric payokha singathetse izi, chifukwa imangoyang'ana kopita. Pamafunika policy routing, pamene makina amakhala ndi mindandanda ingapo ya njira n'kusankha woti atsegule poyang'ana adiresi yochokera. Pa Linux zimachitika ndi ip rule.

Nanga kuziphatikiza zonse?

Zimatheka, koma si ntchito ya metric. Kuika nambala yofanana pa makomo awiri sikuwirikiza liwiro. Makina ena amangotenga limodzi, ndipo amene amagawa katundu, monga ma rauta ochita ECMP, amagawa kulumikizana kwathunthu: uku kudzere apa, uko kudzere apo. Fayilo imodzi yaikulu imayendabe pa khomo limodzi. Zingwe ziwiri zopita ku switch imodzi, kabokosi kolumikiza makina ndi zingwe, zikhoza kumangidwa mtolo ndi LACP, imene inalowa mu IEEE 802.3ad m'chaka cha 2000, koma namonso kulumikizana kumodzi kumakhala pa chingwe chimodzi, ndipo mtolowo sungamange chingwe cha kampani ina ndi Wi-Fi ya kampani ina.

Kuti kulumikizana kumodzi kuyende pa makomo awiri, mbali zonse ziyenera kudziwa. Multipath TCP, yolembedwa mu RFC 6824 m'chaka cha 2013 n'kukonzedwanso mu RFC 8684 m'chaka cha 2020, imatsegula tinjira tingapo pansi pa kulumikizana kumodzi. Apple inayamba kuigwiritsa ntchito pa Siri, pulogalamu yake yoyankha mafunso apakamwa, mu iOS 7, kuti funso lisathere panjira munthu akatuluka mu Wi-Fi, ndipo inalowa mu kernel ya Linux pa 5.6. QUIC, ya mu RFC 9000 ya 2021, inatenga njira ina: kulumikizana kumakhala ndi nambala yake yochizindikiritsa, yosadalira adiresi, choncho kukhoza kusamuka kuchoka pa Wi-Fi kupita pa 4G osaduka. Zonsezi zimagwira pokhapokha seva ya tsidya linalo itavomera, ndipo zikapanda kutheka makina amabwerera ku ndandanda uja, n'kutenga mzere wa default wokhala ndi nambala yochepa.